Kodi Tiphunziriranji Mbiri ya Anthu a Kutali?

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndikufotokozereni za funso limene linandisowetsa tulo. Funsoli sindinalipeze pa pepala la mayeso ai. Ndinafunsidwa ndi munthu amene sanapondepo m'kalasi chibadwire chake. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu munafunsidwapo funso lomweli kwanu, ndipo kapena munangokanda kumutu monga ndinachitira ine.

Funso la agogo

Pa tchuti chapitachi ndinali kumudzi kwathu, konkuno kwa Mlolo. Tsiku lina chakumadzulo ndinakhala patsinde pa mtengo wa nimu ndi buku langa la Histole, ndipo agogo anga aamuna anali pambali kusoka ukonde. Ataona chithunzi cha piramidi m'bukumo anandifunsa nati, "Chulu chimenechi n'cha kuti?" Ndinawauza kuti si chulu, koma manda a mfumu ya ku Egypt imene inamwalira zaka zoposa 4,500 zapitazo.

Iwo anaika ukonde pansi, nandiyang'anitsitsa, nati, "Iwe mwanawe, amako anagulitsa mbuzi ziwiri kuti upite kusukulu. Munda wathu wa kumtsinje unakwiriridwa ndi mchenga. Chaka chija cha njala tinadya nyika. Tsono iwe uli kalikiliki ndi maliro a mfumu ya eni? Tsobola wakale sawawa. Bwanji osakuphunzitsani za Ruo amene amatilanda chakudya?"

Ndinafuna kuyankha kuti zimenezi zimabwera pa mayeso, koma mau anandikanira pakhosi, pakuti ndinadziwa kuti yankho lotero silingafanane ndi mbuzi ziwiri. Sukulu itatsegulidwa ndinapita nalo funsoli kwa aphunzitsi athu a Histole. Iwo anaseka, nati, "Agogo akowo afunsa bwino. Pita ukawerengenso mutu wa Egypt, koma ulendo uno usakaloweze. Paliponse pamene upeze dzina la Nile uziima kaye, nuganize za Shire. Ukatha ubwere." Zimene ndalemba pansipa ndizo ndinapeza.

Kodi m'phunziroli muli chiyani?

Poyamba tiyeni timvane za mau akuti chitukuko. Masiku ano tikamva mauwa timaganiza za msewu wa tala, mjigo kapena nyumba ya malata. Koma m'phunziro la Histole chitukuko cha mtundu wa anthu ndicho njira zonse zimene anthuwo anapeza zokhalira pamodzi pa malo ao: kapezedwe ka chakudya, kaweruzidwe ka milandu, kasungidwe ka nzeru, kapembedzedwe, luso la manja ndi malonda. M'makalasi oyamba a sekondale timakumana ndi anthu akale a ku Egypt, a ku Greece ndi a ku China, ndiponso maufumu ena a mu Africa muno, pamodzi ndi ufumu wathu wa Maravi.

Ambiri a ife, ndi ine ndemwe, timatola maina ndi zaka zokha. Timadziwa kuti piramidi yaikulu ya ku Giza ndi ya mfumu Khufu, ndi kuti inatalika pafupifupi mamita 146. Timadziwa kuti Champollion ndiye anamasulira malembo akale a ku Egypt m'chaka cha 1822, ndi kuti Cai Lun wa ku China atchuka ndi kapangidwe ka pepala m'chaka cha 105. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zofunika pa mayeso. Koma munthu akasinja chimanga nasunga gaga yekha, ufa n'kutaya, kodi tinganene kuti wasinja? Ufa wa phunziroli ndi uwu: mtundu uliwonse unakumana ndi vuto, unayesa njira yolithetsera, ndipo njirayo inabala zabwino ndi zoipa zomwe.

Nile ndi Shire

Mtsinje wa Nile ndi wautali pafupifupi makilomita 6,650, pamene Shire wathu ndi wa makilomita ngati 400 okha. Koma nditawerenga monga anandiuzira aphunzitsi, ndinadabwa kuona kuti moyo wa mlimi wa ku Egypt ndimaudziwa kale. Dziko lao n'lotentha, ndipo mvula imagwa yochepa kwambiri. Madzi amene ankadzaza mtsinje wao inali mvula yogwa kutali, ku mapiri a Ethiopia, monga momwe madzi otivuta ife amachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Chaka ndi chaka mtsinjewo unkasefukira n'kumiza minda, ndipo pophwera unkasiya matope akuda achonde. M'matope amenewo ankafesa tirigu ndi balere. Dziko lao lomwe ankalitcha Kemet, ndiko kuti dziko lakuda. Nanga kodi si ulimi wa kudimba umenewu? Nafenso madzi akaphwera timatsika ndi makasu kukabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa chinyontho chimene mtsinje watisiyira.

Tsono taonani zinthu zitatu zimene anthu aja anachita ndi mtsinje wao.

Choyamba, anauyeza. Anamanga makwerero otsikira m'madzi ndi kulemba zizindikiro pakhoma pake, ndipo ena a makwererowo alipobe pa chilumba cha Elephantine, pafupi ndi Aswan. Alembi ankalemba pamene madzi afika chaka chiri chonse. Madzi akachepa, akulu a dziko ankadziwiratu kuti kukudza njala. Akapitirira muyeso, ankadziwa kuti midzi iri pangozi. Ngakhale msonkho ankauyerekeza ndi madzi a chakacho.

Chachiwiri, anawerenga masiku. Pofuna kudziwa nthawi yodza madzi anakonza kalendala ya masiku 365: miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, ndi masiku asanu apadera. Chaka anachigawa patatu, nyengo ya chigumula, nyengo yobzala ndi nyengo yokolola. Kalendala imene yapachikidwa mu ofesi ya a hedimasitala ndi mdzukulu wa kalendala imeneyo, ngakhale inadzera m'manja mwa Aroma amene anaikonzanso.

Chachitatu, anayeza minda. Madzi ankafafaniza malire, choncho panali anthu a zingwe amene ankapita kukayezanso munda wa yense. Mau akuti geometry, phunziro lija limatitulutsa thukuta, ndi a Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuyeza nthaka. Ndani wa ife sanaonepo anthu awiri apachibale atatengana kupita kwa anyakwawa chifukwa madzi anachotsa chitsa chimene chinali malire ao? Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuda masamu a ngodya ndi mizere.

Koma pano tichenjere, pakuti kufanizira si kunena kuti zonse n'zofanana. Nile ankakwera pang'onopang'ono, pa nthawi yodziwika, ndipo anthu ankamulandira ndi chimwemwe. Ruo wathu ndi wamfupi, amatsetsereka kuchokera kuphiri, ndipo amadza mwadzidzidzi, nthawi zina usiku anthu ali mtulo. M'chaka cha 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ndi m'minda ya cha ku Makhanga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatichita zimene tonse tikumbukira. Ndiponso kawirikawiri madzi athu amasiya mchenga m'malo mwa matope achonde, chifukwa mapiri a kumtunda anametedwa mpala. Kotero sitingatenge nzeru ya ku Egypt yonse n'kuibzala kuno monga mbande ya mpunga. Chimene tingatenge ndi khalidwe lao loyeza, kulemba ndi kukumbukira.

Pali phunziro linanso. M'chaka cha 1970 boma la Egypt linatsiriza damu lalikulu la ku Aswan. Kusefukira kunatha, magetsi anabwera, ndipo alimi anayamba kulima chaka chonse. Koma matope achonde aja tsopano amatsalira kuseri kwa damu, ndipo mlimi amene makolo ake ankalandira chonde chaulere amagula feteleza. Tsiku lina ena a ife tidzakhala pa msonkhano pamene alendo adzafotokoza za damu kapena chikhoma chotchinga madzi. Wophunzira Histole sadzakana, koma adzakweza mkono n'kufunsa kuti, "Tamva zimene tidzapindule. Nanga zimene tidzataye n'ziti?"

Madengu a miyala a ku China

Nditaona kuti njira ya aphunzitsi yandithandiza, ndinaiyesanso pa mutu wa China. Kumenekonso ndinapeza mtsinje wovuta, dzina lake Min, m'chigawo cha Sichuan. Pafupifupi zaka 256 Khristu asanabadwe, bwanamkubwa wina dzina lake Li Bing anaganiza zosautseka mtsinjewo, koma kuugawa pawiri. Pakati pa madzi anamanga chilumba chosongoka, cha miyala yoikidwa m'madengu ataliatali olukidwa ndi nsungwi. Mbali ina ya madzi inapita kuminda kudzera m'ngalande, ndipo ina inapitirira ndi mtsinje. Malowo amatchedwa Dujiangyan, ndipo mpaka lero amathirira minda.

Chinandigwira mtima ndi ichi: ntchitoyo yakhala zaka zoposa 2,000 osati chifukwa inali yolimba kopambana, koma chifukwa chaka chiri chonse, madzi akachepa, anthu ankatuluka kukachotsa mchenga ndi kukonza madengu oola. Tikapita ku sikimu ya mpunga ya ku Muona, imene imamwa madzi a Thangadzi, alimi adzatiuza kuti mdani wa ngalande ndi mchenga womwewo. Ndipo madengu a waya odzaza miyala amene timaona m'mbali mwa milatho ndi nzeru yomwe ija, nsungwi yokha ndiyo yasanduka waya. Kumanga n'kwa tsiku limodzi, koma kusamala n'kwa mibadwo.

Mkuyu wa ku Athens

Phunziro labwino la chitukuko cha eni siliyenera kutionetsa zokoma zokha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mzinda wa Athens ku Greece umatamandidwa chifukwa cha m'ma 508 Khristu asanabadwe, pa nthawi ya Cleisthenes, unayamba ulamuliro wakuti eni mzinda azisonkhana ndi kugamula okha nkhani za dziko. Mau akuti demokalase anachokera kumeneko, ndipo makolo athu atavota pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 anagwiritsa ntchito mau a Agiriki.

Koma titsegule mkuyuwo. Pa msonkhano wa ku Athens akazi sankaloledwa, akapolo sankaloledwa, ngakhale alendo okhala mumzindamo sankaloledwa. Mzinda womwewo unaweruza Socrates, mphunzitsi wofunsa mafunso, kuti amwe chiphe m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe. Chimodzimodzi piramidi ija: miyala yake yoposa mamiliyoni awiri inakokedwa ndi anthu wamba, zaka zambirimbiri, kuti munthu mmodzi agone pabwino. Tikaphunzira zotere timaleka kugwadira chiri chonse chochokera kutali, ndipo timaphunziranso kudzifunsa tokha. Pa bwalo la kwathu, pamene anthu amakhala pansi pa mtengo kukamba mlandu mpaka agwirizane, pali nzeru imene sitinabwereke kwa Agiriki. Koma kodi mai wamasiye kapena mnyamata wosauka amamvedwa mofanana ndi munthu wa ng'ombe zambiri? Funso limeneli ndinalitenga ku Athens, koma yankho lake liri konkuno.

Zachilendo zimene zinasanduka zathu

Munthu angathe kunena kuti, "Ife tisunge zathu, za eni zikhale kwa eni." Koma taonani m'mbale yanu. Chimanga, chinangwa ndi mbatata kwao ndi ku America, ndipo zinafika mu Africa ndi zombo za amalonda Azungu atafika kale ku America m'chaka cha 1492. Makolo athu akale ankadalira mapira ndi mchewere. Taonaninso pakamwa panu. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete cha m'ma 1530, ndipo mau monga kalata, nsapato, chipewa ndi mbatata ndi a chinenero chao amene tinawaveka zovala zathu. Lero palibe anganene kuti nsima ya chimanga ndi yachilendo. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wometa ndi mwini mutu.

Ndipo tisaganize kuti makolo athu ankangolandira. David Livingstone atakwera Shire ndi sitima yake m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi, akuomba nsalu, akusungunula chitsulo ndi kusula makasu, ndiponso akutcheza mchere. Anali ndi ufumu wa Lundu, ndipo kachisi wa M'bona ku Khulubvi ankasonkhanitsa anthu a madera akutali pa nkhani ya mvula. Ngati chitukuko ndicho njira zokhalira pamodzi, ndiye kuti chigwa chino chinali ndi chitukuko chake. Ine ndinayamba kuchiona bwino nditabwerako ku Egypt wa m'buku, monga munthu amaona denga la nyumba yake akatuluka panja.

Ngozi ya phunziroli

Komabe agogo anga sanalakwe kukayika, pakuti phunziroli likhoza kuphunzitsidwa moipa. M'nthawi ya atsamunda ana ambiri ankaloweza maina a mafumu a ku England, osamva kanthu za Kalonga kapena Lundu. Ankauzidwa kuti Livingstone ndiye anatulukira nyanja yathu, ngati kuti asodzi amene anawapeza m'mphepete mwake anali osaona. Phunziro lotero linkauza mwana kuti nzeru zonse ziri kutsidya kwa nyanja, ndipo kwao kuli mdima wokha.

Dziko litalandira ufulu nkhaniyi sinathe. M'chaka cha 1981 Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, ndipo analamula kuti ophunzira ake aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ena anayamika nati mwana wa Mmalawi ayenera kudziwa zonse zimene mwana wa Mzungu amadziwa. Ena anadandaula nati sukuluyo inkayang'ana kwambiri ku Ulaya. Ine maganizo anga ndi awa: nzeru iribe mlandu, ichokere kumene ichokere. Mlandu umadza pamene wophunzira abwerera kumudzi ali ndi Athens m'mutu, koma akunyansidwa ndi bwalo la kwao. Cholinga cha phunziroli si kutisandutsa Agiriki kapena Atchaina ai. Cholinga chake ndi kutipatsa maso ena oonera kwathu.

Mafunso anai

Pofuna kuti tisamangotola gaga, ndikupemphani anzanga kuti pa mtundu uliwonse umene tiphunzire tizifunsa mafunso anai awa:

1. Kodi anthuwa anakhala pa malo otani, ndipo vuto lao lalikulu linali chiyani?
2. Kodi anapeza njira yanji yolithetsera?
3. Ndani anapindula ndi njirayo, nanga ndani anasenza katundu wake?
4. Kodi kwathu kuno vuto lotere liripo, ndipo makolo athu ankatani nalo?

Mafunso atatu oyambawo mayankho ake ali m'buku. Lachinailo yankho lake liri ndi agogo anu.

Kubwerera kwa agogo

Loweruka lina ndinapita kumudzi, ndipo ndinawafotokozera agogo za makwerero oyezera madzi a ku Elephantine. Anamvetsera mwachete. Kenaka ananyamuka, natenga ndodo yao, nati, "Tiye." Tinayenda mpaka pa mtengo wina waukulu wa mkuyu chakumunsi kwa mudzi. Analoza ndi ndodo pa thunthu lake nati, "Chaka chimene anabadwa amako madzi anafika apa. Chaka chimene inaduka njanji anafika apa. Chaka cha Freddy anapitirira nthambi iyo. Atate anga anandionetsanso mtengo wina, koma unagwa, ndipo zimene anandiuza zinagwa nao. Madzi saiwala khwawa, mdzukulu wanga. Oiwala ndife."

Pamenepo ndinazindikira kuti agogo anali nacho kale choyezera chao. Chimene chinasowa ndi mlembi. Ndinatulutsa kope langa n'kulemba zonse zimene ananena, ndipo iwo anayang'ana dzanja langa likulemba, nati, "Ngati sukuluyo yakuphunzitsa kufunsa ndi kusunga, mbuzi zija sizinapite pachabe. Koma za chulu chija, sindinamvebe chifukwa chake munthu mmodzi anafuna manda aakulu chotero." Ndinawauza kuti pamenepo ngakhale ine ndiri mbali yao.

Tsono pempho langa ndi ili. Pa tchuti chikudzachi yense wa ife akakhale pansi ndi munthu wachikulire wa kwao, akafunse zaka zimene madzi anasefukira, pamene anafika, njira imene anadzera, ndi kumene anthu anathawira. Tikalembe bwino, ndi dzina la mudzi ndi chaka chake. Tikabwera tidzasonkhanitse zonse m'buku limodzi, ndipo tidzapemphe aphunzitsi athu a Histole ndi a Jogalafe kuti atithandize kujambula mapu. Safunsa anadya phula. Alembi a ku Egypt anayamba ndi chizindikiro chimodzi pakhoma, ndipo ife tiri ndi makope, zolembera, ndi agogo amene akali moyo.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 3